Mkuyu Wogona M'dothi ku Evington

Tinalowa m'nyumba ya ku Evington mwezi wa Febuluwale, nthawi imene dzuwa la ku Leicester, kuno ku England, limangosuzumira n'kubwerera. Tinkachokera mkati mwa tauni, m'kanyumba ka pamwamba pa butchala, ndipo chimene ine ndinkalakalaka m'nyumba yatsopanoyo sichinali zipinda ayi. Ndinkafuna kuseri. Ndinali nditatopa ndi masamba a m'pulasitiki osamveka fungo la dothi, ndipo m'chikwama changa munali kale mbewu za maungu ndi mpiru za kwathu ku Phalombe.

Nyumba za m'dera limenelo n'zomatana ziwiriziwiri, khoma limodzi pakati. Ukaima pawindo la chipinda cham'mwamba umaona kuseri kwa mnzako ngakhale usakufuna. Ine ndinkafuna, ndisaname. M'mawa woyamba ndinakankha katani kuti ndione kuti takhala pafupi ndi anthu otani, ndipo maso anga anagwera pa mtumbira.

Unali m'mphepete mwa mpanda wotilekanitsa, wautali ngati munthu wamkulu atagona. Dothi lake linali lokwezedwa mwaluso, m'mbali mutayalidwa njerwa, pamwamba atafundikapo kapeti yakale ndi chidutswa cha lata. Ndinayang'ana, ndinatikita maso, ndinayang'ananso. Kenaka ndinaitana amuna anga.

"Tabwerani muone. Si manda awo?"

Iwo anali akumanga nsapato, akuthamangira ntchito ku Corby komwe amayang'anira magalimoto a katundu. Anasuzumira kamodzi kokha.

"Manda ku Evington? Iwe, usayambe kundisitiresa m'mawa uno, ndachedwa ku shifiti. Mwina ndi galu. Anthu a kuno amaika agalu awo ku gadeni."

"Galu wotalika ngati inuyo?"

"Ndiye fonera apolisi, uwauze kuti tagona tsiku limodzi tapeza kale mtembo. Tione ngati sakatirekoda kuti ndife amisala."

Anapita, ine n'kutsala ndi mtumbira wanga. Sukulu ndinapita nayo patali ndithu, ndipo ntchito yanga ndi yoyeza magazi a anthu kuchipatala, koma zimenezo sizichotsa zomwe munthu unayamwira. Mtumbira ndi mtumbira. Zovala ndinayamba kuyanika mbali ina. Ndikatuluka kukataya zinyalala ndinkatsitsa mawu osadziwa, ndipo kumeneko sindinkalozako chala. Za dimba ndinazisiya kaye. Ndani angadye nkhwani womera pafupi ndi wakufa wa eni, wosamudziwa ndi dzina lomwe?

Mwini nyumba yomatana ndi yathuyo anali bambo okalamba, aafupi, okhala okha. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi kakapu ka khofi kochepa ngati ka mankhwala, n'kukaima pamtumbirapo. Nthawi zina ankaupondaponda m'mbali ndi nsapato, monga timachitira mvula ikakokolola dothi. Tikakumana panja tinkangogwedezerana mitu. Ndinkawamvera chisoni, komanso ndinkawaopa.

Loweruka lina mu Epulo ndinamva kulira kwa fosholo. Nditasuzumira, aneba aja anali atachotsa lata ndi kapeti, akufukula. Koma ine mantha anga sapambana chidwi changa, ndiye ndinatuluka ndi patapata n'kukaima pampanda.

"Pepani bambo, mukutani?"

"Ndikumudzutsa," anatero, m'Chingelezi chimene zaka zonse za ku England zinalephera kuchiwongola. "Wagona mokwanira. M'malo mongoyang'ana, bwerani mudzandigwirire."

Ndinazungulira kuchipata ndikupemphera chamumtima. Pansi pa dothi panali matabwa, pansi pa matabwa panali udzu wouma, ndipo mu udzumo munagona mtengo. Mtengo weniweni, nthambi zake zomangidwa pamodzi ndi masokosi akale a azimayi, mizu ya mbali imodzi ikadali m'nthaka. Tinaugwira awiri n'kuukankha pang'onopang'ono mpaka unaimirira, uli mbuu. Unali mkuyu, koma wa kwawo ku Italy, wobala nkhuyu zikuluzikulu zotsekemera, osati zathu zija ukang'amba umapeza tizilombo tili pamsonkhano.

Kwawoko, anandifotokozera, mkuyu saukwirira chifukwa dzuwa lilipo. Ndi anthu a kwawo amene anabalalikira m'maiko ozizira omwe anaphunzira kuugoneka m'nthaka chisanu chikamayandikira, n'kuudzutsa kukayamba kufunda.

"Mwana wanga amati ndimadzivutitsa chabe, chisanu cha kuno sichipha mkuyu. Mwina akunena zoona. Koma ndilibe mkuyu wina woti ndiyesere."

Nditawauza zimene ndinkaganiza nthawi yonseyo, anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Kuseka kuja kunawathera msanga. Anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndipo ndinati ku Malawi, m'tsinde mwa phiri.

"Inenso m'tsinde mwa phiri," anatero. "Koma ndinabadwira m'mwamba."

Chaka chimenecho ndinalima dimba langa, ndipo mbiri ya tauni yawo ndinaimvera pampanda, zidutswazidutswa, ine ndikupalira iwo akuthirira tomato. Sanali munthu wofatsa. Ankanyoza kapaliridwe kanga, khofi wanga, ndi maungu anga amene ankayanga mpaka kwawo osapempha. Koma akayamba za kwawo mawu ankatsika.

Tauniyo inali kumwera kwa Roma, yomatirira paphiri, nyumba zamiyala zosanjikizana, denga la uyu kukhala khonde la uyo. Misewu yake inali masitepe okhaokha, yopapatiza moti bulu wosenza nkhuni akamabwera unkayenera kulowa pakhomo pa munthu kuti adutse. Anthu ankadziwana choncho, anatero, chifukwa sunkafika kutchalitchi usanalowe m'nyumba za eni kangapo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse aneba anali mwana. Asilikali a ku Germany anakhazikika m'mwamba, a ku America ndi anzawo anatulukira kuchigwa, tauni n'kukhala pakati. Anthu anathawira m'mapanga amene anakumba okha m'mbali mwa phiri. Anakhala mmenemo nyengo yozizira, akumva nyumba zawo zikugwa imodziimodzi, akuluakulu akutsutsana motsitsa mawu kuti imene yagwayo ndi ya yani. Atatuluka, tauni kunalibe.

Nkhondo itadutsa kunabwera njala, kenaka malungo. Apa ndinawadula pakamwa. Malungo ku Ulaya? Anandiyang'ana ngati ndawalanda chinthu. Maenje a mabomba anadzaza madzi, anatero, udzudzu unaswana, ndipo anthu amene anazemba zipolopolo ankafa akunjenjemera m'mabulangete. Apo mpamene ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa kunjenjemera kumeneko sunganene bwino choncho usanakuone. Amuna ankatola zitsulo za nkhondo m'minda kuti akagulitse, ndipo ena zinkawaphulikira m'manja.

Boma linati pamabwinjapo sipamangidwanso. Linasankha malo kuchigwa, pafupi ndi msewu waukulu, n'kuyala tauni ina. Misewu yowongoka ndi yotakata, nyumba zofanana ngati ana a sukulu pamzere, madzi a m'mipopi, bwalo la ngodya zinayi pakati. Dzina anatenga lakale lomwe lija.

"Inali yabwino, ndisanamize Mulungu," ankatero. "Akazi sanasenzenso mitsuko. Koma ndi tauni imene ine ndine wamkulu kuposa nyumba zake zonse. Mukudziwa mmene zimamvekera zimenezo?"

Anthu ake, mmene ankawafotokozera, ndi aphokoso, odyetsa mlendo mpaka kumudwalitsa, osataya kanthu. Botolo, msomali wopindika, kachingwe, zonse amasunga, ndipo chakudya amaunjika ngati nkhondo ibweranso mawa. Ndinaziona ndekha m'shedi yawo, momwe munali mabotolo a tomato okwanira kudyetsa msewu wathu wonse. Misewu yatsopano ija inapatsidwa mayina a anthu otchuka, koma okalamba sanawagwiritse ntchito. Munthu ankadziwika ndi pamene panali nyumba yake yakale: uje wa kuseri kwa chitsime, uje wa pansi pa belu, ngakhale chitsimecho ndi belulo zinali mulu wa miyala kumtunda. Kamodzi pachaka tauni yonse inkakwera phiri itanyamula fano la woyera mtima wawo. Pokwera ankaimba, gulu la malipenga lili patsogolo. Akalowa m'mabwinja malipenga ankaleka, ndipo banja lililonse linkapatuka mwakachetechete kukaima pa mulu wake. Potsika ankakadya ndi kumwa mpaka kukangana.

Ndipo pawindo lililonse loyang'ana kuphiri unkawaona mabwinjawo, ali phee pakati pa mitengo ya maolivi. Ena anapachika makatani okhuthala mbali imeneyo. Ena anaikako mpando.

Aneba anachokako atangokula, atamva kuti ku England kukufunika manja. Anayamba ndi kuumba njerwa, kenaka analowa m'fakitale ya masokosi kuno ku Leicester, komwe anapeza mkazi wawo, malemu tsopano. Ulendo woyamba wobwerera kwawo anatsika basi pabwalo lija n'kusokonezeka, chifukwa misewu yonse inkaoneka chimodzimodzi. Anafunsa njira ya kwa amayi awo kwa mayi wina amene ankasesa pakhomo. Mayiyo anawalondolera mwaulemu, kenaka n'kukuwira mnzake kutsidya kwa msewu kuti kwabwera Mngelezi.

Nkhani zimenezi ndinkazimva monga timamvera za ngozi ya basi ya kutali: chisoni chenicheni, koma nkhwani ndikuthyola. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine sindinkaganiza kuti ankanena ine.

Mwezi wa Malichi wotsatira, mkuyu uli m'dothi, kwathu kunadutsa napolo. Mvula inagwa osalekeza, phiri linang'ambika, ndipo matope ndi miyala ikuluikulu zinatsikira pamudzi pathu. Amayi anapulumuka chifukwa anali kuchipatala akudikirira matenda a mlamu wawo. Mchimwene wanga amakhala ku Blantyre. Pakhomo panali mng'ono wanga, mzime wa amayi, amene anatsala kuti aziyang'anira mbuzi. Sanapezeke. Anthu anakumba ndi makasu, anakumba ndi manja, mpaka anasiya. Manda a abambo nawonso anapita, ndi mitengo yake yomwe.

Ndisananyamuke ulendo wa kumudzi, anzathu a ku Malawi anabwera kudzakhuza. Anachokera mu Leicester momwemu, ku Derby, ku Corby, ena atavala yunifolomu ya ku ntchito. Azimayi tinakhala pansi pabalaza, azibambo anatulutsa mipando kuseri. Ndinamva bambo wina akufunsa amuna anga monong'ona kuti kodi kuseri kwa mpandako n'chiyani, ndipo posakhalitsa mipando yonse inali itasunthira mbali ina. Tsiku lina ndikanaseka. Madzulo aneba anagogoda, atavala jekete lakuda lonunkha m'bokosi. Sanafunse chochita. Anatenga mpando n'kukhala pakati pa azibambo aja, chipewa chili pabondo, mpaka nyimbo zinatha.

Kumudzi ndinakapeza maliro opanda mtembo. Tinakhala pa tenti, tinaimba, abusa analalikira, koma panalibe poponya dothi. Pamene panali mudzi panali chigwa cha miyala yoyera. Amayi anandigwira dzanja n'kundiyendetsa pamiyalapo mosakayika. "Apa ndi pakhitchini," anatero. "Apa ndi pamango paja." Ine sindinkaona kanthu, ndipo misozi inakana kubwera.

Opulumuka anapatsidwa malo ena kuchidikha, kutali ndi phiri, ndipo kumeneko kunayamba kumangidwa nyumba. Anthu anasamuka banja ndi banja. Amayi anakana. Anazika chisakasa cha mapulasitiki ndi malata opindika pamene iwo ankati ndi pakhomo pawo, n'kumagona pomwepo. M'mawa ankasesa. Mchimwene wanga anapita kangapo kukawanyengerera, n'kumabwerako chimanjamanja.

"Achemwali, ine ndalephera," anandiuza pafoni nditabwerera ku Leicester. "Akuti mwana wawo ali pomwepo, samusiya yekha. Ndipo phirilo lili ndi ming'alu ina, aliyense akuiona. Madzi saiwala khwawa. Mvula ikangoyamba tidzalira kawiri. Inu amakumverani, alankhuleni."

Ndinkawaimbira Lamlungu lililonse kudzera pa foni ya mayi wina wa kumpingo amene ankawayendera, ndipo ndinkangozungulira. Mwadya chiyani, miyendo ili bwanji, kukutentha kodi. Ndinkaopa. Ndikawasiya, phiri liwatenga. Ndikawachotsa, ndiwalekanitsa ndi mwana wawo, ine wolamulayo ndili kuno m'nyumba yofunda. Amuna anga ankati, "Ingodisaidani, iwe ndi bulaza wako, mubuke lole basi." Kunena n'kosavuta amayiwo akakhala a mnzako. Miyezi inkapita, ndipo kwathu mitambo inayamba kusonkhana.

Mu Novembala masamba a mkuyu anayoyoka. Aneba anali atafooka chaka chimenecho, mpweya ukuwavuta, ndipo tsiku lina ndinawaona ataima ndi fosholo, akulephera kuilowetsa pansi. Mwana wawo wa ku Nottingham anali atanena kale kuti sabweranso kudzakumba dzenje lopanda pake. Ndinavala majombo a amuna anga n'kuzungulira.

Kwathu mkazi sakumba manda, imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Ndinkadziuza kuti ili ndi dzenje la mtengo basi, koma pamene linkatalika n'kumatenga maonekedwe ake aja, mikono inkandilemera. Aneba anakhala pa ndowa yawo akulamula. Apa muzamitse, apo muwongole, mizu ya mbali iyi musaidule. Tinamanga nthambi ndi masokosi aja. Ndikupumulira pa fosholo, ndinawauza za amayi. Sindinkafuna malangizo. Ndinkangofuna kuuza munthu amene sangandiyankhe kuti zonse n'chifuniro cha Mulungu.

Kenaka anandiuza chimene anali asanandiuzepo m'nkhani zonse za pampanda zija. Anali ndi mlongo wawo wamkulu. Tsiku lina ali kumapanga, mtsikanayo anabwerera kunyumba kukatenga ufa umene amayi awo anabisa pansi pa masitepe, ndipo nyumba inamugwera. Nkhondo itatha anafukula, koma nyumba zoyandikana zinali zitagwerana pamodzi ndipo sanamupeze. Pabwalo pawo panali mkuyu. Unathyoka, kenaka unaphukiranso m'miyalamo.

"Amayi anakana kutsika," anatero. "Anthu onse atapita kuchigwa, iwo anatsala m'chipinda chimodzi chimene chinali chikadaima, chopanda denga. Abambo anawaleka kaye. Khoma litayamba kupendekeka, anabwera ndi amalume ndi bulu n'kuwanyamula. Ankakuwa njira yonse. Ine ndinali pambuyo, nditasenza mpando."

"Khomalo linagwa?"

"Linagwa."

"Ndiye abambo anu anachita bwino."

"Anachita bwino. Amayi anakhala zaka zambiri, anaona zidzukulu, anafera pabedi dokotala ali pambali." Anatsokomola, n'kupukuta pakamwa. "M'mawa uliwonse ankakwera phiri ndi ndowa kukathirira mkuyu umene sunkasowa madzi. M'nyumba yatsopanoyo sanakhomemo msomali ndi umodzi womwe. Zithunzi zinakhala m'bokosi mpaka imfa yawo. Ankawaphikira abambo, ankawachapira, koma sanawaitanenso ndi dzina. Nthambi ya mtengo uwu ndinakaidula kumtundako tsiku limene tinawaika."

Ndinawafunsa kuti nanga ine nditani. Anakwiya.

"Mukundifunsa ine? Achotseni. Wamoyo ndi wamoyo. Koma musayembekezere kuti adzakuthokozani, ndipo musadzawauze kuti afika kwawo."

Tinaugoneka mtengo uja. Unalira pang'ono m'mizu pamene tinkauweramitsa. Tinaika udzu, matabwa, dothi. Pomaliza ndinangopezeka ndagwada, ndikusalaza dothilo ndi manja, ndipo misozi imene inakana kutuluka pa tenti paja inatulukira pamenepo, m'munda wa eni, pa mtumbira wa mtengo. Ndinalira mng'ono wanga momutchula dzina. Aneba anayang'ana kumbali mpaka ndinamaliza, kenaka anati khofi ali pamoto koma majombo ndisalowe nawo m'khitchini mwawo.

Lamlungu lotsatira sindinazungulire.

"Amayi, Loweruka kubwera galimoto. Musamuka."

"Wayamba liti kundilamula, iwe?"

"Lero."

"Nanga mng'ono wako ndimusiyire ndani? Kuno kumazizira."

Mawu amenewo anandilasa, koma ndinali nditadzimanga kale. "Mukapanda kukwera galimotoyo, ine ndisiya ntchito, ndisiya banja, ndibwera kudzagona nanu m'chisakasamo. Phiri likabwera litipeze tonse, mukhale mwataya ana aakazi awiri. Mukundidziwa, sindinena zocheza."

Ankandidziwadi, chifukwa kuuma mutuku ndinatengera iwo omwe. Ndinkangomva mphepo ikumenya pulasitiki. Kenaka anati, "Wandimanga manja, mwana wanga," n'kubwezera foni kwa mwini wake osatsanzika.

Anakwera. Mchimwene wanga anati sanakuwe, sanalire. Anangopempha kuti galimoto idikire pang'ono, n'kupita kukayankhula ndi miyala ija, ndipo zimene ananena palibe anazimva. Mvula itakhazikika, madzi anadutsa pamene panali chisakasa n'kutenga malata ndi mitengo yomwe. Nditamva ndinagwada m'khitchini mwanga kuthokoza Mulungu. Nditauza aneba pampanda anangogwedeza mutu, osamwetulira.

Patapita miyezi, mchimwene wanga anapita kukawaona ndipo anandiimbira pa vidiyo kuti ndione malo atsopanowo. Anali masana, ine ndili patebulo ndi kapu ya tiyi. Anayendetsa foni pang'onopang'ono. Nyumba za njerwa zootcha, malata onyezimira, mizere yowongoka, mjigo pakati, popanda mtengo wopitirira msinkhu wa munthu. Anthu ankandibayibitsa, ena ndinawazindikira, ena anachita kundikumbutsa. "Awa ndi a kumtsinje aja," ankatero mchimwene wanga, "awa ndi a kuseri kwa tchalitchi." Kumeneko kulibe mtsinje, ndipo mapemphero akuchitira pansi pa tenti.

Amayi anatulukira kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Anali atanenepako, nkhope yosalala, chitenje chatsopano. Anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za apongozi awo, anafunsa ngati kuno kukuzizirabe.

"Amayi, mukuoneka bwino," ndinatero.

"Timadya," anayankha.

Ndinawapempha kuti andionetse m'nyumbamo. Anatsogola, mchimwene wanga akuwatsatira ndi foni. Chitseko chinali chotsegula ndipo mkati munalibe munthu, poti amakhalamo okha. Atafika pakhomo anaima. Anatula ndowa, anawerama pang'ono, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Odi," anatero.

Anadikira. Ndinkamva nkhuku chapatali, ndi kupuma kwa mchimwene wanga pafoni. Anadikira monga mlendo waulemu amachitira, kupereka mpata kuti eni nyumba akonzeke. Kenaka anavula patapata, ananyamula ndowa, n'kulowa chammbali.

"Amatero nthawi zonse," ananong'ona mchimwene wanga. "Ngakhale akungochokera kubafa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe kuti lowani amayi, koma mawu sanatuluke. Ine ndili ku Leicester, ndipo nyumbayo si yanga. Amayi anga ali moyo chifukwa ndinawaumiriza, ndipo zitati zibwerere ndikhoza kuwaumirizanso. Koma amagona kwa eni, m'nyumba imene mulibe wowauza kuti alowe.